Mmene Ndinachedwetsera Atate Kupita Kumudzi

Kusukulu anandidziwa msanga. Ndili giredi naini ndinasoka manja a juzi ya mtsikana wina woyang'anira anzake, iye ali kumasewera, ndipo pobwera anazungulira bwalo lonse manja atatsekeredwa m'kati ngati nkhuku yopita kumsika. Kutchalitchi ndinamangapo nsonga za zitenje za amayi awiri omwe sankalankhulana, ndipo poimirira kuti aimbe anakokana mpaka kukhalanso pansi limodzi. Ndakwapulidwapo, ndalimapo kuseri kwa zimbudzi za sukulu, ndakhalapo pakati pa akulu a mpingo nditaweramitsa mutu kuti asaone mano anga. Zonsezi ndimazikumbukira bwino ndithu. Koma ntchito yanga yaikulu ndinaigwirira kunyumba kwathu ku Twapia, chaka chatha, ndili giredi ileveni.

Atate ankawotcherera zitsulo ku Kitwe, kwa kontilakita wina wa ku migodi. Ankabwera kunyumba Loweruka madzulo, shati ili ndi timabowo ta moto, n'kubwerera Lolemba mbandakucha. Atayamba kudwala anasiya ntchito n'kukhala pakhomo. Kuchipatala anati mtima wakula ndipo ukutopa. Anawapatsa mapilisi okodzetsa ndi ena ang'onoang'ono oyera, n'kuwaletsa mchere. Amayi anapitiriza kugulitsa ndiwo za kalembula, tomato ndi kapenta pamsika wa Masala, ndipo ine ndinapitiriza kukhala ine.

Baibulo sanaliyambe chifukwa cha matenda ayi. Ine ndinabadwa n'kuwapeza akuwerenga. Ankayambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, akamaliza n'kuyambiranso, ngati munthu wolima munda umodzi womwewo chaka ndi chaka. M'mawa uliwonse akakhala pakhomo ankasamba kumaso ndi m'manja, kuvala shati mpaka batani la pakhosi, n'kutenga kampando kupita nako kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa kotapela. Ankawerenga motsitsa mawu, chala chikuyenda pansi pa mzere. Nthawi zina ankaima n'kunena kuti, "Apa Ambuye sindinamve." Ndiye ankakhala chete, maso ali pa mpanda wa ba neba, ngati munthu amene wamuuza kuti adikire pafoni. Pakapita nthawi ankati, "Chabwino," n'kupitiriza. Pomaliza ankaika kakhadi ka tokitaimu ya foni kokanda kale pamene alekezera, n'kukabweza Baibulo pamwamba pa kabati, pansi pa kansalu koluka.

Tsiku lina m'nyengo yozizira, tikudya madzulo, anauza amayi kuti, "Amake mwana, lero ndawoloka. Ndatuluka m'mayina aja."

Pali malo m'Chipangano Chakale pamene masamba ndi masamba ndi mayina okhaokha, uje anabala uje, ujeyo anabala uje, mayina olumitsa lilime. Atate sankadumpha ngakhale limodzi. Ankalitchula lililonse bwinobwino ngati mwini wake ali pamenepo akumvetsera. Ndiye tsikulo anali osangalala ngati munthu wotsika minibasi yodzaza. Ndinawayang'ana, ndinayang'ana kabati, ndipo nkhani inali itatha kale m'mutu mwanga. Pochotsa mbale ndinakweza kansalu kaja, ndinasolola kakhadi, n'kukabweza poyambira penipeni pa mayina.

M'mawa mwake ndinali pampopi ndikutsuka m'kamwa, khutu lili kuseri kwa nyumba. Ndinamva masamba akutseguka. Anatsokomola. Kenako ndinamva uje anabala uje, kuyambira pachiyambi, pang'onopang'ono, mwaulemu womwewo. Ndinaluma thaulo kuti asandimve. Ndinaseka m'minibasi njira yonse mpaka kondakitala anandifunsa ngati ndili bwino.

Patapita masiku anauzanso amayi kuti awoloka.

"Kodi simunawoloke sabata yatha, atate ake?"

"Mtsinje wake ndi waukulu," anatero, n'kupitiriza kudya ndiwo zawo zopanda mchere.

Ndinawabwezanso. Anawolokanso kachitatu. Ine ndinkaganiza kuti mapilisi aja awaiwalitsa zinthu, ndipo sindinamve chisoni chilichonse. Zinali zokoma kwambiri.

Za pangano lawo ndinazimva Lamlungu lina masana. Atate aang'ono, mng'ono wawo wa kumudzi kupitirira Katete, anaimba foni. Atate sankakonda kuika foni pakhutu, ankaiika patebulo n'kuikuza mawu, ndiye nkhani za banja lathu zinkamveka mpaka kumsewu. Ine ndinali kusita yunifomu pakona. Atate aang'ono anati, "Achimwene, bwerani kuno. Mukudikira chiyani m'tauni ya eni?"

"Ndibwera," atate anatero. "Koma ndinapangana ndi Ambuye. Ndinawapempha andilole ndimalize Baibulo ulendo uno wokha, ndili pano pamene ndinauyambira. Ndikatseka tsamba lomaliza, ndikwera basi. Ndikufuna ndibwere nditakhala pampando ngati munthu, osati m'bokosi kumbuyo kwa galimoto. Mukandiike pafupi ndi amayi."

Kwa ife a kum'mawa, munthu wamkulu wa ku migodi akanena kuti akupita kumudzi ali wodwala, palibe amene amafunsa kuti abwerako liti. Ndinaonapo ena a kutchalitchi kwathu akupita choncho. Amatsanzikana nawo Lamlungu, kwaya n'kuimba, ndipo pakapita miyezi amalengeza kutsogolo, anthu n'kuima pang'ono.

Amayi anadzuka n'kutuluka panja. Ine ndinamaliza kusita siketi, ndinasita bulauzi, ndinasita ndi masokosi omwe, zimene sindinachitepo. M'kati mwanga munalibe kanthu. Sindinalire, sindinachite mantha. Ndinangoona kuti Baibulo lili ndi mapeto, ndi kuti pakati pa atate ndi mapetowo pali kakhadi kamodzi, ndipo kakhadiko ndimakadziwa kumene kamagona. Madzulo ake ndinakabweza kumbuyo.

Kuyambira pamenepo ndinaigwira ngati ntchito, ndipo ndinali katswiri. Ndinaphunzira kuti sukabweza kutali, umangobweza masamba ochepa, tsiku lina n'kusiya osakhudza kuti munthu aziona ngati akuyenda. Ndinkaona mmene kansalu kagonera ndisanakakweze. Pamasalimo ndiye panali pophweka, chifukwa kwa ine onse ankafanana, wina akulira, wina akuthokoza, wina akufuna adani ake athyoke mano. Ndinawasunga pamenepo mwezi wonse wa mphepo, fumbi likulowa m'mawindo, iwo akulira ndi kuthokoza mobwerezabwereza pansi pa kotapela. Kusukulu ndinasiya zonse. Aphunzitsi ena anafika pondifunsa ngati ndatembenuka mtima. Ndinati inde, aphunzitsi, pang'ono.

Kutentha kutafika miyendo yawo inatupa mpaka m'mawondo. Ukadina ndi chala, dzenje linkatsala. Nsapato zinakana, ankavala patapata wodula zingwe n'kumanga ndi kansalu. Kugona chagada kunawakanika, ankagona atatsamira mitsamiro ndi chikwama cha zovala. Kuchoka pakhomo kukafika pakotapela ankapuma panjira atagwira khoma. Koma shati ankaimangabe mpaka pakhosi.

Atate aang'ono anayamba kuimba pafupipafupi. Kumudzi kwathu, ukasiya msewu waukulu, pali dambo lopanda mlatho. Mvula ikakhazikika galimoto sidutsa mpaka chaka chitatembenuka. "Alamu," ankauza amayi pafoni, "mitambo kuno yayamba kusonkhana. Mukachedwa mudzabwera naye bwanji munthu?" Amayi ankayankha kuti amva, n'kuyang'ana atate. Atate ankayang'ana kabati. Anali akadali pakati pa aneneri, kumene ine ndinawasiya.

Amayi anakaitana mkulu wa mpingo wa dera lathu, bambo wa taye wogwira ntchito mu ofesi m'tauni. Anabwera Lachisanu ataweruka. Ndinawapatsa chakumwa cha munkoyo m'kapu ya alendo n'kukhala pakhomo ngati ndikusankha nyemba.

"Bambo," mkuluyo anatero, "Mulungu aliko ndi kumudzi komwe. Nyamulani Baibulo lanu, mukamalizire kumeneko. Palibe tchimo pamenepa."

"Zoona, akulu. Ali konsekonse."

"Eya. Ndiye vuto lili pati?"

"Inu mukapangana ndi munthu kuti mukumane pasiteshoni, mumakamudikira kumsika?"

"Koma bambo, Iye amadziwa kufooka kwathu."

"Amadziwa. Sanandikakamize ndi Iye kunena mawu aja, ndinanena ndekha ndi pakamwa panga. Moyo wanga wonse ndamupatsa zotsala, akulu. Kutopa kwa Loweruka, tulo ta Lamlungu. Ichi chokha ndikufuna ndimupatse chathunthu."

Mkulu uja anamwa munkoyo wake mpaka pansi. Anapemphera kuti Ambuye apereke nzeru kwa onse a m'nyumba muno, anatsindika pa onse, n'kupita kukakwera minibasi.

Amayi anandigwira Loweruka lotsatira. Anali atanyamuka kale kupita kumsika, ndiye anabwerera kudzatenga ambulera. Atate anali akusinza kuchipinda. Anandipeza ndili chiimire pakabati, Baibulo lili lotsegula m'manja, kakhadi ndakaluma ndi milomo.

Sanakuwe. Anatseka chitseko bwinobwino.

"Kuyambira liti?"

Ndinachotsa kakhadi pakamwa. "Juni."

Anakhala pamkono wa mpando. Ine ndinali nditakonza kale tsaya la kumanzere, chifukwa amayi amamenya ndi dzanja lamanja. Palibe chinabwera. Anangoyang'ana pansi, pasimenti yomwe ndinapaka polishi dzulo lake.

"Ali pati?"

Ndinawaonetsa.

"Akanakhala pati?"

Ndinatsina masamba onse otsala, n'kusiya ochepa okha kumapeto. Mwinanso akanakhala atamaliza kalekale, koma sindinafune kunena. Amayi anayang'ana kuchindikala kwa masamba amene anali pakati pa zala zanga, nthawi yaitali.

"Kaike kutsogolo," anatero.

"Amayi?"

"Wamva."

"Inu amayi a chigwirizano? A bulauzi yoyera Lachinayi lililonse?"

"Tseka pakamwa, iwe. Kaike."

Pa zonse zimene ndachitapo, mphindi imeneyi ndiyo ndimaikonda koposa. Ine ndinkafuna tikaike pafupi ndi mapeto, popeza tayamba kale kuba. Amayi anati ayi, adzazindikira, tiike poyambira Chipangano Chatsopano. Ndinati pamenepo ndi pang'ono, mvula sidikira. Anati iwe ukudziwa chiyani. Tinanenerera monong'ona ngati tili pa mulu wa tomato, mpaka tinagwirizana pakati. Kansalu anakayala okha n'kutuluka. Ambulera anaiiwalanso.

M'mawa mwake tonse awiri tinali pambaula, tikuyang'anira madzi a tiyi omwe sankafuna anthu awiri. Tinamva kampando kakukhwekhwerezedwa. Tinamva akupuma. Masamba anatseguka. Kenako tinamva masamba akubwerera m'mbuyo ambirimbiri, osathamanga.

"Amake mwana," anaitana. "Tabwerani kuno. Mubwere ndi mbewa yanuyo."

Tinapita. Tinaima patsogolo pawo ngati ana ochedwa kusukulu.

"Mbewa iyi yakhala ikundikokera kumbuyo kuyambira nthawi yozizira," anatero. Ankalankhula mawu ochepa, kupuma, n'kupitiriza. "Sindinadandaule. Kubwereza sikuchotsa kanthu. Koma lero yandidumphitsa aneneri onse otsala. Yokha siingaganize zimenezi. Yapeza bwana."

"Atate ake, mvula," amayi anatero.

"Ndikuiona, amake mwana. Maso ndili nawo."

"Mudzafera pano."

"Mwina. Koma sindipita kwa Iye ndi ntchito yodumphadumpha. Ngakhale chitsulo, ukasiya mpata powotcherera, chimadzathyokera pomwepo."

Amayi anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje n'kubwerera kumbaula. Ine ndinatsala.

"Munkadziwa?" ndinafunsa.

"Iwe mwanawe, Baibulo ili ndinayamba kuliwerenga usanabadwe. Ungandisocheretse m'nyumba mwanga?"

"Nanga bwanji simunanene?"

"Tsiku loyamba ndinafuna kukukwapula. Ndiye ndinafunsa Ambuye ngati ndi Iwo akundiimitsa, kudzera mwa kamwana kopanda khalidwe. Sanakane." Anapuma. "Upepesa?"

"Ayi."

"Ndinadziwa. Katenge mpando."

Chilango changa chinali chimenecho. Maso awo anali atayamba kutopa msanga, ndipo kuwerenga mokweza kunkawathera mpweya. Anati kuyambira lero uziwerenga ndiwe, ine ndizimvera, kuyambira pamene ndili zenizeni. Kakhadi kaja anakaika m'thumba la shati, anati sikakufunikanso, mlonda ndi wakuba akhala munthu mmodzi.

Ndinkawerenga m'mawa ndisanapite kusukulu, ndi masana ndikaweruka mpaka dzuwa litapendeka. Loweruka tsiku lonse. Kenako ndinayamba kujomba masiku ena, ndipo amayi, omwe kale akanandithamangitsa ndi chikuni, ankangodutsa osafunsa.

Poyamba ndinkathamanga. Ndinkameza mawu ngati wolengeza maliro pawailesi. Atate ankakweza chala chimodzi, maso ali otseka. "Ukuthamangira kuti? Bwerera." Ndinayesa kutembenuza masamba awiri pamodzi, nditanyowetsa chala kuti agwirane. "Wadumpha," anatero osatsegula maso. Ndinayesa mzere umodzi wokha. "Wadumphanso." Ndinasiya, chifukwa kubwerera kunkadya nthawi yambiri kuposa kuwerenga bwino.

Ndiye ndinapeza njira ina yodzisangalatsira. Mafumu oipa ndinkawapatsa mawu a ahedi athu. Anthu okangana pamsika ndinkawawerenga ngati makondakitala a ku Masala olimbirana pasinjala. Ulendo wina atate anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, amayi n'kuthamanga ndi madzi akundikalipira. Atapuma anati, "Werenga bwino, mwanawe. Awa si masewero." Patapita kanthawi anati, "Koma mfumu ija ubwereze."

Chovuta chinali kuima kuja. Tili pakati pa tsamba, ine ndikuona kuti lero tiyenda, ndiye chala chakwera. "Apa Ambuye sindinamve." Kale ndinkamvera pampopi n'kumaseka. Tsopano ndinayenera kudikira nawo, Baibulo lili pamiyendo, mitambo ikukwera mbali ya ku Kitwe. Ndinkamva wailesi ya ba neba, ana akumenyana pa mpira wa mapepala, minibasi ikuitanira anthu a m'tauni. Ndinkayang'ana mapazi awo, khungu litawala ngati lapakidwa mafuta. Ndinkadikira kuti mwina ndimva kanthu, chisoni kapena mantha kapena Mulungu amene. Ndinkangomva matako akuwawa pampando.

Tsiku lina ndinafunsa kuti, "Amakuyankhani?"

"Nthawi zina."

"Nthawi zinazo?"

"Amangokhala nane."

"Nanga lero akuti chiyani?"

"Akuti upitirize, ukutaya nthawi."

Titafika pa nkhani ya mtanda koyamba, anandiimitsa n'kunena kuti apa sawerenga atakhala pampando. Ankafuna kugwada. Ndinati atate, miyendo. Anati ndigwire. Ndinawagwira m'khwapa, anatsetsereka pang'onopang'ono mpaka mawondo anafika padothi, manja atagwira kampando. Ndinawerenga chiimire pamwamba pawo. Milomo yawo inkayenda limodzi ndi yanga, ndipo misozi inkatsikira m'kolala ya shati. Nditamaliza anakhala choncho nthawi yaitali. Kenako anati, "Chabwino, ndidzutse." Ndinakoka, sanasunthe. Ndinakokanso. Amayi anali kumsika. Ndinakaitana ba neba, bambo wokonza matayala, yemwe analumpha mpanda n'kuwanyamula ngati thumba la chimanga, akuwakalipira m'Chibemba kuti munthu wamkulu asamachite zotere. Atate anathokoza mwaulemu.

Ba neba atapita ndinawauza kuti, "Mukudziwa kuti nkhani imeneyi ibweranso katatu?"

"Ndikudziwa."

"Ndiye?"

"Uziwauziratu ba neba asapite kutali."

Anagwada maulendo onse. Ba neba anafika pozolowera, ankangoima pampanda ndi sipanala m'manja kudikira kuti ndiwakodole.

Mvula yoyamba inatipeza tili m'makalata a atumwi. Inabwera masana ndi mphepo, n'kutithamangitsira m'nyumba, ine ndanyamula Baibulo m'kati mwa juzi, iwo akukwawa ndi khoma. Pamalata panali phokoso loti sankandimva, ndiye ndinakhala pafupi n'kumawerengera m'khutu. Madzulo ake ana a m'komboni anatuluka ndi mabeseni kukagwira inswa. Amayi anali atalongedza kale. Zikwama zinali pakhomo, bulangete litakulungidwa pamwamba. Amayi ankangodutsa kumbuyo kwanga ngati akufuna chinachake, n'kuyang'ana masamba otsala kudzanja langa lamanja. Foni ya atate aang'ono anasiya kuikuza mawu, ankakayankhira kumsewu.

Masiku omalizawo atate sankatulukanso panja. Ankakhala pampando wa pabalaza, miyendo ili pa ndowa yovundikira. Ankasinza ndili pakati pa chiganizo. Poyamba ndinkapitiriza, poganiza kuti zimene ndawerenga ali m'tulo zalowa m'gulu. Akadzuka ankafunsa kuti, "Tinali pati?" Ndikawauza, ankati, "Ayi, ine ndinali apa," n'kutchula malo enieni pamene tulo tinawatengera. Ndiye ndinaphunzira kuima mutu wawo ukagwa, n'kudikira. Ndinkayang'ana batani la pakhosi likukwera ndi kutsika. Likachedwa kukwera ndinkangoliyang'anabe mpaka likwere.

Tinamaliza Lachinayi masana, amayi ali kuchigwirizano. Buku lomalizalo ndinalikonda, lili ndi zilombo za mitu yambiri ndi malipenga, ndipo atate anandiimitsa kawirikawiri kuti apa sanamve. Kumapeto kwenikweni sanandiimitse. Ndinawerenga mzere womaliza, ndinatembenuza tsamba, panalibe kanthu.

"Kwatha," ndinatero.

"Wayang'ana bwino?"

"Kwatsala mapu."

"Za mapu sitinapangane."

Anatambasula manja, ndinawapatsa Baibulo. Analitseka okha n'kulisanjika pachifuwa. Anapemphera mwachidule, mawu ake sindinawamve onse. Ndinamva zikomo, ndinamva ndakonzeka, ndinamvanso akutchula kamwana aka, koma zimene anapempha za ine zinathera m'mpweya. Atatsegula maso anati, "Kaitane amayi ako."

Ndinapita kutchalitchi wapansi, osathamanga. Panjira ndinaima kuonerera anyamata akukankha minibasi yomwe inatitimira m'matope. Nditafika ndinaima pakhomo. Amayi a mabulauzi oyera anali akuimba, ndipo amayi anga atandiona anatuluka pakati pa nyimbo, akundiyang'ana kumaso kuti awerenge nkhani. Pankhope panga panalibe choti awerenge.

"Tamaliza," ndinatero.

Anabwerera m'kati kukatenga chikwama chawo.

Ananyamuka Loweruka m'mawa. Ine ndinatsala kwa amayi aang'ono ku Nkwazi chifukwa cha mayeso otsekera chaka. Pasiteshoni anyamata a basi anawanyamula atate pamasitepe n'kuwakhazika pampando wakutsogolo, pomwe pali malo otambasula miyendo. Anavala jekete la kutchalitchi ndi patapata uja. Ndinaima pansi pa windo.

"Uziwamvera amayi ako aang'ono," anatero.

"Ndiyesa."

"Usayese kwambiri, angadabwe."

Basi inachedwa kunyamuka, ndiye tinangokhala choncho, iwo m'mwamba ine pansi, nkhani zitatha. Mayi wina anandigulitsa chimanga chowotcha. Basi itatuluka pageti ndinali ndikudyabe.

Amayi anaimba patapita masiku awiri. Anati galimoto yomwe anakwera kuchokera pamsewu waukulu inakaima padambo, madzi anali atadzaza kale. Atate aang'ono anabwera ndi ngolo ya ng'ombe, anamangirira mpando wa m'nyumba m'ngolomo ndi zingwe, n'kuwakhazika atate pamenepo. Anawoloka atakhala tsonga, atagwira ambulera, ana a m'mudzi akuthamangira kumbuyo. Analowa m'mudzi choncho. Mawa lake anapempha kuti awaperekeze kumanda akaone pamene pagona amayi awo, analoza malo pambali pake, n'kubwerera kukagona.

Atate anakhala moyo mpaka chimanga chitafika m'mawondo. Uthenga unandipeza ndikuchapa kwa amayi aang'ono. Iwo anagwa pansi pakhonde n'kuyamba kulira, anthu oyandikana nawo n'kumabwera. Ine ndinamaliza kuchapa, ndinatsukuluza, ndinayanika, ndinataya madzi pamaluwa. Kenako ndinakalongedza.

Tinawoloka dambo lija wapansi, madzi ali m'chiuno, zikwama pamutu. Anawaika pamene analoza. Kwaya ya kumudzi inaimba, abusa analalikira za munthu amene anasunga mawu ake, amayi analira mpaka mawu anatha. Ine ndinaponya dothi nthawi yanga itakwana. Linali lonyowa, linakakamira m'zala.

Tsiku lotsatira tinakhala pakhonde la atate aang'ono, amayi, ine, ndi azakhali, mlongo wawo wamkulu wa atate. Ana anali atanditolera mango m'beseni. Azakhali anali asanalankhule bwino ndi amayi chifikire, ndipo tsikulo anayamba.

"Anthu a m'tauni inu. Mwatibweretsera munthu atatha kale. Mukanabwera naye kusanatenthe, bwenzi titacheza naye, bwenzi atayendako m'munda mwa bambo ake. Ife tangomuona akupuma ngati nkhuku. Munkamusungira chiyani kumeneko miyezi yonseyi?"

"Anali ndi ntchito yoti amalize, alamu," amayi anatero. Sanandiyang'ane.

"Ntchito yanji munthu wodwala?" Azakhali anatembenukira kwa ine. "Ndi uyunso. Chibwerere sindinaone msozi ngakhale umodzi. Bambo ako amenewa, iwe. Ukungodya."

Ankanena zoona azakhaliwo. Akanabwera kusanatenthe, akuyenda okha. Miyezi imene iwo anaisowa ndi imene ndinali nayo ine ku Twapia, ndipo ngakhale akanandiuza kuti ndibweze sindikanabweza. Ndinasankha bango lalikulu m'beseni n'kuwapatsa ndi manja awiri. Anakana. Ndinalidya ndekha.